Nkhanga Zinatera Padenga la Sankhulani

Kalekale, chimanga chisanadzaze minda, anthu akudalira mapira ndi mawere, kunali mudzi wina patsinde pa phiri. Sendera kuno, mwanawe, umve bwino.

M'mudzimo munali ana awiri apachibale. Wamkulu anali mtsikana, dzina lake Mwandida. Mano ake akutsogolo anali atangomeranso kumene. Wamng'ono anali mlongo wake, Kalikokha, wongoyamba kuyenda dzandidzandi.

Mayi awo anamwalira mvula ili pakati. Maliro atatha, bambo awo anasudzulidwa nabwerera kwawo, kutali kuseri kwa mapiri. Ana anatsala m'manja mwa atsibweni awo, a Sankhulani, mlongo wa malemu mayi awo.

Sankhulaniyu sanabadwe wankhanza ayi. Kale anali munthu wanthabwala. Koma chaka chapitacho dzombe linadya munda wake wonse, ndipo kuchikamwini anamupirikitsa. Anabwerera kwawo ndi khasu limodzi ndi mphasa yong'ambika. Chimene anapeza ndi munda wa mapira umene mlongo wake anasiya, ndi ana awiri ofuna kudya.

Njala ikalowa m'nyumba, mtima umafupika, dzanja limatalika.

Mapira atayamba kutulutsa ngala, mpheta zinabwera. Zinabwera ngati mtambo.

Sankhulani anati, "Mwandida, kumunda. Ukaingitse mbalame. Ine ndikupita kukasuma. Ngala imodzi ikadyedwa, uona."

Mwandida anati, "Ndamva, atsibweni."

Anabereka Kalikokha kumbuyo, ulendo wa kumunda. M'mimba mulibe kanthu, m'manja mulibe kanthu. Anakwera pansanja ya pakati pa munda, nayamba kuyimba:

Psa, psa, mbalame iwe,
Usadye mapira a atsibweni.
Ukadya mapira a atsibweni,
Mkwapulo udya ine.

Dzuwa kutuluka, iye ali pansanja. Dzuwa paliwombo, iye ali pansanja. Dzuwa kupendeka, iye ali pansanja pomwepo.

Koma mwana mmodzi angalonde munda wonse? Akathamangira kumtunda, mpheta zatera kumunsi. Akathamangira kumunsi, mpheta zatera kumtunda.

Sankhulani amabwera kosumako chimanjamanja. Amadzera kumunda, nawerenga ngala zodyedwa. Akafika kunyumba amasolola mkwapulo wa nsungwi patsindwi.

Mwandida amalira. Kalikokha amaliranso poona mlongo wake akulira.

Kodi anthu samamva? Amamva.

Nankhoma, mayi wa ana asanu, akamva kulirako amasinja mwamphamvu kuti mtondo uphimbe mawu a mwana.

Kadzakumanja, woluka mphasa, akamva amatsokomola, nanyamuka kunka kudambo kukadula bango limene sanali kulifuna.

Nambewe, mayi wamasiye woumba mbiya, ndiye anali woyandikana nawo kwambiri. Iye akamva amaweramira mbiya yake, nanena chamumtima, "Mwana ndi wa mwini. Za m'nyumba ya eni sitilowerera."

Lero choncho. Mawa choncho. Mkuja choncho.

Tsiku lina m'mundamo munalowa nkhanga. Zinali zambiri, zazikulu ndi anapiye omwe. Patsogolo panali nkhanga yaikazi yokalamba, dzina lake Namawanga.

Mwandida anatola mwala kuti agende. Dzanja linalephera kukwera. Mwala unangogwera pamapazi pake.

Namawanga anati, "Mwanawe, bwanji sukutigenda?"

Mwandida anati, "Ndilibe mphamvu."

"Wadya chiyani lero?"

"Sindinadye."

"Dzulo?"

"Madzi a nkhwani."

Namawanga anazungulira nsanja. Anaona msana wa mwanayo. Anaona miyendo yake.

Anati, "Ife mawanga athu tinabadwa nawo. Nanga iwe mikwingwirimayi unabadwa nayo?"

Mwandida anangokoka nsanza yake kuti abise.

Namawanga anatembenukira anzake. Anati, "M'munda muno sitidyamo. Ngala iliyonse imene tingadye, alipira ndi msana wa mwanayu."

Nkhanga zonse zinavomera, "Sitidyamo, sitidyamo."

Kenaka Namawanga anati, "Tsika, utitsatire. Anzangawa atsala akulonda."

Mwandida anatsika, Kalikokha ali kumbuyo. Namawanga anamutengera kuseri kwa chulu. Kumeneko kunali mtengo wa nthudza, zakupsa bii. Anamutengera kutsala lakale. Nkhanga zinapalasa, zinapalasa, mpaka zilazi zinaonekera. Zinamusonyezanso udzu umene ziwala zimagonamo mame asanaume.

Tsiku limenelo ana anadya. Kalikokha anadya nthudza mpaka kukamwa kunada, nagona tulo pamthunzi wa nsanja.

Kuyambira pamenepo nkhanga zimabwera m'mawa uliwonse. Zina zimaima kumtunda kwa munda, zina kumunsi. Mpheta zikati zitere, nkhanga zimakuwa, ke-ke-ke-ke, mpheta n'kubalalika. Anapiye amasewera ndi Kalikokha, kumujompha zala zakuphazi.

Mwandida amaonerera. Tsiku lina anafunsa, "Mayi Namawanga, anapiye onsewa ndi anu?"

Namawanga anati, "Anga ndi atatu."

"Nanga bwanji onse amathawira m'mapiko mwanu?"

"Kabawi akamatsika safunsa kuti mwanapiyeyu ndi wa yani. Ifenso sitifunsa. Woyamba kumuona amakuwa. Womva amakuwanso. Mwanapiye amalowa m'phiko limene lili pafupi."



Namawanga anati, "Kwanu kulibe okuwa?"

Mwandida anati, "Kwathu amamva, koma sakuwa."

Masiku anapita. Masaya a Kalikokha anayamba kubwerera. Miyendo yake inalimba, nayamba kuyenda patali.

Tsiku lina Mwandida ali kumtunda kwa munda, Kalikokha anatsata gulugufe. Anatsata, anatsata, mpaka kumtsinje. Mwanapiye wina anamuona nakuwa. Make anamva nakuwanso. Nkhanga zonse zinathamangira kumtsinje, Mwandida pambuyo. Anamupeza mwana madzi ali m'chiuno. Mwandida anamukoka ndi mkono, namutulutsa.

Pobwerera anapeza mpheta zadya ngodya yonse ya munda.

Dzuwa litapendeka Sankhulani anafika. Anaona ngodyayo. Sanadikire kufika kunyumba. Anathyola phesi la mapira pomwepo.

Mwandida anati, "Atsibweni, mwana amakamira."

Sankhulani anati, "Mapira anga! Tidya chiyani? Tidya chiyani?"

Nkhanga zinali m'udzu. Zinaona zonse.

M'mawa mwake nkhanga zinasonkhana pachulu.

Namawanga anati, "Nthudza tamupatsa. Zilazi tamupatsa. Koma mimba ikakhuta msana ukutuluka magazi, tathandiza chiyani? Tiyeni kumudzi."

Tambala wa nkhanga wina anati, "Kumudzi? Kuli agalu. Kuli mauta. Anthu aja amatiyesa ndiwo."

Namawanga anati, "Ndikudziwa."

"Tikafa, anapiye athu alera ndani?"

"Otsala. Si mmene timachitira? Koma tiyambe tayesa kulankhula ndi munthu mmodzi."

Namawanga anapita yekha kudambo kumene Nambewe amakumba dothi la mbiya. Anamupeza atagwada, manja ali matope okhaokha.

Namawanga anati, "Odi, mayi."

Nambewe anadzidzimuka. Anati, "Nkhanga kuodira munthu? Ufuna chiyani?"

"Ndabwera ndi nkhani ya Mwandida."

Nambewe anayang'ana kumbali. Anati, "Si mwana wanga."

"Nyumba yanu ili patali ndi yake?"

"Ili pafupi."

"Makutu anu ndi ogontha?"

"Amamva."

"Nanga?"

Nambewe anati, "Ine ndine wamasiye. Sindine wa mbumba yawo. Ndikalankhula adzati mayi wosabala uyu akufuna kuba ana a eni. Ndipo ndiwadyetsa chiyani? Dothi?"

Namawanga anati, "Ife tili ndi mawu, tilibe manja. Inu muli ndi manja, mawu munakwirira. Ife tibwera ndi mawu athu. Inu muone chochita ndi manja anu."

Inatero nkhanga, niuluka.

Nambewe anasenza dothi lake kunka kunyumba. Anayamba kuumba mtsuko, mtsuko unagwa. Anayambanso, unagwanso. Tsiku lonse sanaumbe kanthu.

Tsopano tamva zimene anachita Mwandida. Iye amaona kuti atsibweni ake akuwonda. Amaona kuti akaimirira amagwira khoma. Tsiku limenelo anathyola nthudza zambiri, nazikulunga m'tsamba. Atafika kunyumba anagwada, napereka ndi manja awiri.

Anati, "Atsibweni, idyani."

Sankhulani anayang'ana nthudzazo. Anati, "Wazitenga kuti?"

"Kuseri kwa chulu."

"Ndiye kuti munda umausiya? Ine ndikuvutika kosuma, iwe ukuyendayenda m'tchire?"

Anakankha tsambalo, nthudza zinamwazika pabwalo. Anasolola mkwapulo patsindwi.

Mkwapulo usanatsike, kunamveka mapiko. Phaphapha! Phaphapha! Nkhanga zinatera padenga. Zinatera pankhokwe. Zinatera pamtondo, pamulu wa nkhuni, pamtengo wa mthethe. Denga lonse linasanduka mawanga.

Namawanga anayambitsa, zonse zinavomera:

Tamva, tamva, tamva ife,
Mwana walira kuseri kwa nkhokwe.
Wamva ndani? Wamva ndani?
Wamva atuluke.

Sankhulani anati, "Chokani!" Anatola mwala nagenda. Mwala unathyola mwendo wa tambala uja amaopa. Tambalayo anagwa pansi, koma ali pansi pomwepo anapitiriza kuyimba.

Tamva, tamva, tamva ife.

Phokoso linafika mudzi wonse. Ukuganiza kuti anthu anatuluka chifukwa cha chifundo? Ayi, mwanawe. Kadzakumanja anasuzumira nakuwa, "Anthuni, ndiwo zadzibweretsa zokha!"

Amuna anatuluka ndi zibonga. Akazi anatuluka ndi misi. Agalu patsogolo. Nankhoma anataya lichero, nathamanga ndi dengu lovundikirira. Aliyense amafuna nkhanga yake.

Anakhamukira pabwalo la Sankhulani. Kadzakumanja anagwira tambala wothyoka mwendo uja. Atati aweramuke, maso ake anagwera pa Mwandida.

Mwana anali atagwada pakati pa nthudza zomwazika, manja ali kumutu. Nsanza inali itatsika. Msana wonse unali poyera, mikwingwirima yakale ndi yatsopano. Kalikokha anali atakakamira mwendo wake.

Anthu onse anaima chilili. Zibonga zinatsika. Agalu okha ndiwo amauwa.

Tsopano panalibe woti anene kuti sanaone.

Komabe panalibe woyamba. Uyu kuyang'ana uyu, uyo kuyang'ana uyo.

Sankhulani anachita manyazi, manyaziwo anasanduka ukali. Anati, "Mukuyang'ana chiyani? Mbumba ndi yanga!" Anakwezanso mkwapulo.

Pamenepo Nambewe anadutsa pakati pa anthu. Sanathamange. Anangoyenda, naima pakati pa mkwapulo ndi mwana. Mkwapulo unatsika, unagwera pamkono wake. Thyapu!

Nambewe sanasunthe. Anati, "A Sankhulani, ngati dzanja likuyabwa, menyani ine. Mwanayu wakwana."

Sankhulani anati, "A Nambewe, si mwana wanu."

Nambewe anati, "Ndakhala ndikunena zomwezo miyezi itatu. Lero ndasiya."

Anakokera ana kumbuyo kwake. Nankhoma anabwera naima pambali pake. Mayi wina anabwera. Winanso anabwera. Akazi anapanga mpanda, ana ali m'kati.

Nambewe anati, "A Kadzakumanja, tasuzumirani m'nkhokwemo."

Sankhulani anati, "Musatsegule!"

Kadzakumanja anakwera, nakweza denga la nkhokwe, nkhanga ili kukhwapa. Anasuzumira. Anapisa dzanja. Anatulutsa masamba ouma. Anapisanso. Anatulutsa mwala.

Anati, "Mulibe kanthu muno. Ngakhale khoswe anasamuka."

Mkwapulo unagwa m'manja mwa Sankhulani. Anakhala pansi, nagwira mutu. Anati, "Lero ndi tsiku lachitatu ndisanalawe kanthu. Ndimaopa kuti mundiseka. Kuchikamwini anandiseka. Ndimati mapirawa akapsa ndidzakhalanso munthu."

Nambewe anati, "Njala yanu tayimva, ndipo palibe akuseka. Koma msana wa mwana si nkhokwe. Mukaumenya simutuluka mapira."

Misozi ya Sankhulani inagwera m'fumbi.

Pamenepo kunamveka mawu aang'ono kumbuyo kwa akazi aja. Mwandida anati, "A Kadzakumanja, musaphe nkhangayo. Ndi imene inatidyetsa."

Kadzakumanja anayang'ana nkhanga ya kukhwapa kwake. Anameza malovu, pakuti nayenso nyama anali ataiwala kukoma kwake. Kenaka anathamangira kwake, nasolola bango pamphasa imene amaluka, naling'amba pakati, namangira mwendo wa tambalayo ndi luzi. Anamuika pansi bwinobwino.

Namawanga ali padenga anati, "Mawu athu athera pano. Otsala ndi manja anu."

Nkhanga zinanyamuka, wothyoka mwendo ali pakati, ulendo wa kutchire.

Tsiku limenelo ana anakagona kwa Nambewe. Anawasambitsa ndi madzi ofunda. Anadzoza msana wa Mwandida mafuta a nsatsi. Anaphika dzungu limodzi limene anali nalo, naligawa patatu.

M'mawa mwake mudzi wonse unakhala pansi pa mtengo wa mkuyu. Sankhulani anakhala payekha, mutu uli pansi.

Ena anati, "Ana abwerere kwa atsibweni awo. Mwambo ndi umenewo."

Ena anati, "Ayi, atumizidwe kwa bambo awo."

Nambewe anati, "Msana ndi wa mwana. Tamufunsani mwini wake."

Anthu anadabwa, pakuti mwana samafunsidwa pabwalo. Koma Kadzakumanja ananjuta pafupi naye, nati, "Mwandida, ufuna kukhala kuti?"

Mwandida ananong'ona, "Kwa a Nambewe. Ndi Kalikokha yemwe."

Kadzakumanja anati, "A Sankhulani, mwamva?"

Sankhulani anati, "Ndamva. Akhale."

Nambewe anati, "Ndawalandira. Koma ndisakunamizeni, dzungu langa lomaliza tinadya dzulo. Ndekha sindingathe."

Nankhoma anati, "Nanenso anga ndi asanu. Chakudya chikuperewera kale. Ndichotse pakamwa pa yani?"

Anthu anang'ung'udza. Aliyense anali ndi njala yake.

Nambewe anati, "Sindikupempha nkhokwe ya munthu. Ndikuti chimene waphika lero, chaching'ono chomwecho, usadyere m'nyumba. Bwera nacho pano pamkuyu. Ana onse akhale pamodzi, adye tikuwaona."

Wina anafunsa, "Wopanda chophika?"

Nambewe anati, "Abwere ndi nkhuni. Wopanda nkhuni abwere ndi madzi. Wopanda mphamvu abwere ndi pakamwa pake."

Anthu anaseka pang'ono. Anati tiyese.

Dzuwa lili paliwombo anabwera. Uyu kambale ka khobwe. Uyu therere. Uyu zilazi ziwiri. Uyu phala la mawere lamadzimadzi. Kadzakumanja anabwera ndi mbewa zitatu. Payekhapayekha zinali zochititsa manyazi. Zitaikidwa pamodzi, mphasa inadzaza.

Ana anadya poyamba, akulu pambuyo. Amati chidyerano chinayamba choncho m'mudzi umenewo.

Tsopano chidyerano chili ndi maso. Tsiku lachiwiri Nambewe anaona mwana wina wa Nankhoma, kamtsikana kotchedwa Tsalani, akudya ndi dzanja lamanzere. Lamanja analibisa m'nsalu.

Nambewe anati, "Tsalani, dzanjalo latani?"

Mwana anayang'ana mayi ake. Mayi ake anayang'ana pansi.

Nambewe anavundukula nsaluyo. Zala zinali ndi matuza a moto.

Nankhoma anati, "Anaba ndiwo mumphika. Ndinali nditatopa. Ndinangoti ndimuopseze ndi chikuni."

Panalibe amene anamukuwiza. Koma akazi atatu anapita naye kuseri kwa nyumba yake, nakhala naye nthawi yaitali. Anamuuza mosabisa kuti zimenezo zisadzachitikenso. Anamuuzanso kuti akatopa, mtima ukayamba kutentha, azitumiza ana kwa mnzake, iye apume. Nankhoma analira. Pobwerera anamunyamula Tsalani pamiyendo, namudyetsa yekha mpaka zala zinapola.

Waona, mwanawe? Mtondo uja amasinja mwamphamvu sumaphimba kulira kwa nyumba imodzi yokha.

Za kumunda nazo anapangana. Anati mwana asakhalenso pansanja tsiku lonse. Akulu azisinthana, wina m'mawa, wina masana, munda ndi munda. Nambewe anaboola mapale a mbiya zosweka. Kadzakumanja anapota chingwe chachitali. Anamangirira mapalewo pachingwe, nachiyala kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Munthu akakoka ali pansanja, munda wonse umalira ngwelengwele. Mpheta zinasowa potera.

Sankhulani masiku oyamba samabwera pamkuyu. Manyazi. Kadzakumanja amamupititsira kambale, nakhala naye pakhonde, osalankhula zambiri. Tsiku lachisanu Sankhulani anabwera yekha, atasenza mtolo wa nkhuni. Anautula, nakhala kumapeto kwa mphasa.

Koma dzanja lozolowera silimva msanga. Tsiku lina Kalikokha akuthamangathamanga anagunda chikho cha thobwa cha atsibweni ake. Thobwa lonse pansi. Dzanja la Sankhulani linakwera lokha.



Kadzakumanja anati, "A Sankhulani, dzanja."

Sankhulani analiyang'ana dzanja lakelo ngati la munthu wina. Analitsitsa pang'onopang'ono, nalikhalira. Nankhoma anatenga chikho chake, nathira theka m'chikho cha Sankhulani. Anthu anapitiriza kudya.

Masana omwewo Sankhulani anapita kwa Nambewe. Anaodira ali pabwalo. Anapeza Mwandida akuponda dothi. Ananjuta patali pang'ono, mkulu kunjutira mwana.

Anati, "Mwandida, ndinakulakwira. Nthudza zija unandibweretsera, ndinazitaya. Msana wako ndinauwononga. Mayi ako akanaona, sakanandipatsa moni."

Mwandida anapitiriza kuponda dothi. Anaponda, anaponda. Kenaka anati, "Ndamva, atsibweni."

Sankhulani sanamukakamize. Ananyamuka, natenga dengu la Nambewe, nakamukumbira dothi kudambo. Kuyambira pamenepo dothi la Nambewe amasenza ndi iye.

Mwandida sanabwererenso kukagona kwa atsibweni ake. Amapatsana moni. Patapita nthawi amakhala mphasa imodzi. Koma kwawo kunali kwa Nambewe, ndipo panalibe wotsutsa.

Mapira anapsa. Mudzi wonse unakathandiza kukolola munda wa Sankhulani. Madengu anayenda tsiku lonse, nkhokwe inadzaza mpaka pakhosi. Sankhulani anatapa madengu anayi, nakatula pakhomo pa Nambewe. Anati, "Munda unali wa mayi awo. Awa ndi a ana."

Atafika pangodya yomaliza ya munda, anati, "Apa musadule. Apa ndi pa alendo aja." Nkhanga zinadya pamenepo masiku ambiri, wotsimphina uja ali nawo.

Tsopano Mwandida anali ndi vuto limodzi. Samadziwa kusewera. Anzake akamasewera phada, iye amaima pambali, maso ali kumwamba ngati akulonda mpheta. Akamva phazi la munthu kumbuyo amadzidzimuka. Mbale ikagwa amaphimba mutu.

Nambewe sanamufulumize. Amangomupatsa kadothi kuti aumbe chimene akufuna. Mphika wake woyamba unali wokhota, mbali ina yaitali, mbali ina yaifupi. Mwandida anaubisa kumbuyo.

Nambewe anati, "Tandionetsa." Anautembenuza uku ndi uku. Anati, "Wanga woyamba unalibe ndi pansi pomwe. Uwu tisungiramo mchere."

Anauotcha pamodzi ndi mbiya zake, nauika pamalo oonekera.

Tsalani amabwera tsiku lililonse kudzamuitana. Lero Mwandida amakana. Mawa amapita n'kungoonerera. Mkuja anagwira mwala wa phada, nauponya, nauphonya. Palibe anamukalipira. Anauponyanso.

Tsiku lina Nambewe ali kuseri akukulungiza mtsuko, anamva mawu a mwana pabwalo. Mawu okwera, odukaduka. Anali mawu a Mwandida.

Nambewe anataya mtsuko, nathamanga manja ali matope. Nankhoma anasiya musi mumtondo, nathamanga. Kadzakumanja anadumpha mphasa yake, nathamanga. Sankhulani anatula dengu panjira, nathamanga. Onse anakumana pabwalo akupuma wefuwefu.

Anapeza Kalikokha wavala mphika kumutu, akuyenda dzandidzandi, akugunda nkhuku. Mwandida anali atagwa chagada m'fumbi, atagwira m'mimba, misozi ili mbwembwembwe.

Nambewe anati, "Mwana wanga, wakumenya ndani?"

Mwandida anati, "Palibe, amayi. Ndikuseka."

Akulu aja anayang'anana. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene amadziwa kasekedwe ka mwanayo. Nambewe anakhala pansi pomwepo, naseka mpaka kutsokomola. Onse anaseka. Kalikokha anavula mphika, nawayang'ana, osadziwa chimene chachitika.

Ndiye iwe, mwanawe, sunga izi. Umphawi si mlandu, koma ukaubisa umaluma ana. Ukakhala ndi njala, nena. Ukatopa, nena. Mwana sanabweretse dzombe, sanaletse mvula. Ndipo ukamva mwana akulira kuseri kwa mpanda, usafunse kuti ndi wa yani. Tuluka. Ukaopa kutuluka wekha, itana mnzako. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sananame.

Yanga nthano yafika pamathero, yathera pomwepa.